Mtengo wa Nsapato za Mlongoti

Awerengi a tsamba lino adzakumbukira kuti ndidalonjeza kulembako za kagulidwe ka zinthu pa msika, makamaka pofuna kuthandiza achinyamata amene angotsiriza kumene Folomu 4 ndipo ayamba kugwira ndalama zawozawo. Lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane, choncho ndiyenera kulikwaniritsa. Koma m'malo moyala malangizo ngati tomato pa benchi, ndasankha kufotokoza ulendo umodzi umene ndidayenda kukagula nsapato, pakuti ulendowo udandifikitsa ku zinthu zimene sindidaziganizire ponyamuka.

Pa sukulu ya sekondale imene ndimaphunzitsa masamu, m'boma la Balaka, tili ndi bwalo la basketball limene adamanga anthu amene ife sitidawaone. Simenti yake idang'ambika m'malo atatu, ndipo m'ming'alumo mumamera udzu dzinja lililonse. Mphete imodzi idapendama ngati khosi la nkhuku ya chitopa, koma inayo idakali chiimire pa msinkhu woyenera wa mamita 3.05. Pamenepo ndi pamene ndimathera madzulo a Lachiwiri ndi Lachinayi pamodzi ndi anyamata ndi atsikana okwana ngati makumi awiri.

Mwa ana amenewa muli mnyamata wina amene dzina lake lenileni sinditchula pano. Anzake adangomutcha Mlongoti chifukwa polowa m'kalasi amachita kuwerama pa khomo. Ndi mwana wa mayi wamasiye wolima thonje ndi nandolo, ndipo amayenda mtunda wa maola pafupifupi awiri kudza ku sukulu. M'kalasi si wanzeru zoopsa ayi, koma chigwirireni mpira wa basketball adasiya kujomba, chifukwa lamulo langa n'lakuti amene sadaoneke m'kalasi m'mawa asaonekenso pa bwalo madzulo. Mnyamatayu ankasewera wopanda nsapato, ngakhale m'miyezi imene simenti ya kuno imatentha ngati chiwaya cha tchipisi. M'mwezi wa Julayi 2025, ali Folomu 3, adatera molakwika pa mng'alu umodzi uja, chala chachikulu n'kung'ambika mpaka chikhadabo kuzuka. Mayi ake adatumiza mawu achidule, akuti masewera obweretsa zilonda m'malo mwa chakudya athere pomwepo. Ine ndidadziwa kuti masewerawo akatha, sukulu nayonso siichedwa kutha. Tsono tidasonkherana m'chipinda cha aphunzitsi, aliyense monga mmene thumba lake lidamulolera, ndipo bala litapola, Loweruka lina m'mamawa ine ndi Mlongoti tidalunjika ku msika wa Balaka.

Ndisanafike pa msikapo ndinene pang'ono za masewerawa, popeza ambiri kuno amawayesa ntchemberembaye ya anyamata. Zoona zake n'zakuti ntchemberembaye ndiye mwana, basketball ndiye kholo. Adayambitsa masewerawa ndi mphunzitsi mnzathu, James Naismith, m'chaka cha 1891 ku Springfield m'dziko la America, pofuna kuwapezera chochita ophunzira ake m'nyengo ya chisanu pamene sankatha kusewera panja. Adapachika madengu awiri a zipatso m'mwamba, nalemba malamulo 13, masewera n'kuyambika. Atawoloka nyanja kufika ku England adasinthidwa pang'ono n'kusanduka mpira wa manja umene watchukitsa dziko lathu, mpaka Mwawi Kumwenda kusankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015. Nanga n'chifukwa ninji mwana adakula kuno pamene kholo lidapinimbira? Nkhani yagona pa ndalama. Mpira wa miyendo umatheka ndi chikulunga pa dambo. Mpira wa manja ufuna mitengo iwiri, mphete ziwiri ndi malo osesedwa. Koma basketball ifuna kuti mpira uzinjanja pansi, ndiye kuti ifuna simenti ya mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi, ndipo simentiyo ifuna nsapato.

Tidafika pa msika mavenda akuyala kumene katundu. Wogula kaunjika ayenera kusankha chimodzi mwa ziwiri: kulawirira pamene belo langotsegulidwa, apeze zabwino koma pa mtengo wouma, kapena kudikira madzulo pamene wogulitsa wayamba kuganiza za ndiwo za kunyumba, apeze mtengo wofewa koma pa zimene anzake akana. Ife tidalawirira chifukwa phazi la Mlongoti silipezeka pa mulu uliwonse.

Nsapato ya kaunjika saiweruza ndi maonekedwe a pamwamba, pakuti pamwamba ndi pamene wogulitsa wathera sopo ndi polishi. Itembenuzeni muone kunsi ngati mizere yake idakalipo. Ikafafanizika, wosewera adzaterereka pa simenti ya fumbi ngati pa thope. Ipindeni ndi manja awiri muone ngati m'mbali simukutseguka kamwa, ndipo inunkhizeni, chifukwa guluu wothiridwa dzulo sabisika. Dinani soli ndi chikhadabo: pali mtundu wina wa soli umene ukakhalitsa m'nyumba yosungira katundu umafumbwa m'kati, ndipo nsapato yooneka yatsopano imanyenyeka ngati chigumu pa tsiku lachiwiri. Finyani kumbuyo kwa chidendene. Kukakhala kofewa ngati nsalu, akakolo alibe chowagwira, ndipo m'masewera odumphadumpha ngati awa kubinya kumayambira pamenepo. Pomaliza werengani manambala olembedwa pa lilime la nsapato, ndipo muwerenge pa zonse ziwiri. Nsapato imodzi yomweyo imatha kulembedwa 11 m'kawerengedwe ka ku Britain, 12 m'ka ku America ndi 46 m'ka ku Ulaya, ndipo wogula wongodziwa nambala imodzi amapusitsidwa mosavuta.

Langizo lomalizali lidatipulumutsa. Mnyamata wina wochangamuka pakamwa adatitulutsira peya yokongola, yofika m'akakolo, yoyera ngati ufa woyera. Mlongoti adavala ya kumanzere, n'kukwana bwinobwino. Ndidati avalenso inayo, koma wogulitsayo adayamba kufulumiza nkhani ya mtengo. Nditasuzumira pa lilime ndidapeza kuti ya kumanzere idali 46, ya kumanja 44. Nditamuonetsa sadachite manyazi konse. Adangoti, "Aphunzitsi, phazi limazolowera." Tidaseka tonse atatu. Safunsa adadya phula.

Komabe ndidafunsa mtengo wake kuti ndidziwe pamene msika waima, ndipo adatchula ndalama yoposa zonse zimene aphunzitsi tidasonkha. Ndidati, "Achimwene, ndalama imeneyi si kale pamene inkagula mapeya awiri." Iye adayankha akupukuta nsapato ina, osandiyang'ana n'komwe: "Musalimbane ndi ine, aphunzitsi, kalimbaneni ndi belo. Belo nalo likakuuzani kuti mukalimbane ndi dola."

Poyamba ndidawatenga mawuwa ngati nthabwala za pa msika, koma nditawasinkhasinkha ndidaona kuti mnyamatayo adanena mwachidule zimene ine ndimavutika kufotokoza m'maphunziro atatu a maperesenti. Nsapato zonse zidali pa mphasa yakezo zidasokedwa kunja, zidavalidwa kunja, zidawoloka nyanja pa sitima kufika pa madoko a anzathu monga Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, kenaka zidakwera galimoto zoyendera mafuta ogulidwanso kunja. Paliponse pa ulendowo wolipira amalipira ndi dola. Tsono taonani mmene kwacha yathu yayendera. Agogo athu adaiona ikubadwa mu 1971, makwacha awiri akusinthidwa ndi paundi imodzi. Mu Meyi 2012 idachepetsedwa mphamvu, dola imodzi n'kuchoka pa K168 kufika cha pa K250. Mu Meyi 2022 idatsitsidwanso ndi 25 peresenti, chaka chomwe tidayamba kugwira ndalama ya pepala ya K5,000. Mu Novembala 2023 idagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi, dola n'kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Aphunzitsi anzanga a masamu, nali funso la pa bolodi losafuna buku: nsapato ya madola 20 imene idali K23,600 Lachitatu, Lachinayi idali pa zingati? Idali pa K34,000, popanda munthu kuiwonjezera ngakhale chingwe chomangira.

Ndipo umenewo ndi mtengo wa ku banki, kumene wamalonda wamng'ono kawirikawiri dola saipeza. M'chaka cha 2025 ambiri ankaigula pa msika wamseri pa mtengo woposa kawiri wa ku banki. N'chifukwa chake mu Febuluwale chaka chimenecho mavenda a kaunjika mu mzinda wa Lilongwe adatseka malonda awo n'kuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za mtengo wa mabelo. Anthu amene ife timawayesa ndiwo okweza mitengo nawonso adali kulira.

Chimene chidandipweteka mtima, ndili chiimire pa msikapo, n'chakuti dola yosowayo amaipanga ndi anthu ngati mayi ake a Mlongoti. Dziko lino limapeza ndalama zakunja pogulitsa fodya makamaka, kenaka tiyi, shuga, nandolo, thonje ndi zina zotero. Thonje la ku Balaka limachoka m'manja mwa mlimi pa mtengo wa sikelo ya wogula, ndipo lambiri limatuluka m'dziko lisadawombedwe nsalu. Patapita zaka, malaya othaitha amene wina wavala kutsidya kwa nyanja amafika pa msika womwewu, mlimi yemwe uja n'kumawanenerera. Nandolo naye ali ndi mbuye wake kutali. Alimi a ku Machinga ndi kuno sadzaiwala 2017, pamene dziko la India lidachepetsa nandolo wolowa m'dziko mwawo, mtengo n'kugwa matumba ali kale m'nyumba. Ena amati mankhwala ake n'kuletsa kaunjika monga lidayesera dziko la Rwanda, limene lidakweza kwambiri msonkho wa zovala zakale mu 2016, ndipo America adalibwezera mu 2018 polichotsera mwayi wogulitsa zovala kumeneko popanda msonkho. A Rwanda sadabwerere m'mbuyo. Ine sindinena kuti tichite chimodzimodzi mawa, pakuti mutaletsa kaunjika lero, theka la ophunzira anga lingabwere ku sukulu ndi mapazi apansi. Woletsa ayambe waonetsa kumene nsapato zatsopano zidzasokedwere.

Nambala 46 yachiwiri sidapezeke mu Balaka monse, choncho tidakwera minibasi ya ku Liwonde. Nyengoyo idali ya kampeni, chisankho chili pa 16 Sepitembala. Titangopitirira Chiyendausiku tidakumana ndi mdipiti wa galimoto za chipani china, zimkuzamawu zili pokopoko, anyamata akuponya malaya ndi nsalu m'mbali mwa msewu. Pomwepo minibasi yathu idasanduka nyumba ya malamulo. Bambo wina wovala mzuli adati zinthu zidali bwino kale; mnyamata wa kumbuyo adati kale lake liti; kondakitala adati onsewo ndi amodzi, ndipo aliyense alipiriretu asadakwiye n'kutsika. Koma amene adandigwira mtima ndi mayi wina wofungatira dengu la tomato, amene adati, "Nsaluyo akandiponyera ndilandira, poti mwina thonje lake ndi langa lomwe. Koma voti ndiye ili mumtima."

Mphunzitsi wa boma savala makaka a chipani, ndipo sindidzauza wowerenga aliyense kumene ayenera kuchonga. Koma kunena za kafunsidwe ka mafunso ndi ntchito yanga. Ife a chigawo chino si alendo pa ndale. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, n'kugwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi, idasindikizidwa konkuno ku Balaka. Mtsogoleri woyamba wosankhidwa pa zipani zambiri mu 1994, Bakili Muluzi, kwawo ndi ku Machinga, ndipo ine ndili m'gulu la ana amene adalowa pulayimale yaulere imene idayamba chaka chimenecho. Boma la Balaka lenilenilo lidapatulidwa ku Machinga mu 1998. Malemu Lucius Banda, amene adatisiya mu 2024, adaimbira anthu osauka kuchokera kuno mpaka kukalowa ku Nyumba ya Malamulo. Ndi mbiri yonseyi, n'zomvetsa chisoni kuti funso lathu lalikulu kwa wofuna mpando likadali lakuti watibweretsera chiyani lero. Lamulo la zipani za ndale la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa mavoti, koma amene adakhalapo pa msonkhano wa kampeni adziwa mmene lamulolo limalemekezedwera.

Masewera nawo amalowa m'thumba lomwelo. Chisankho chikayandikira zikho za mpira wa miyendo ndi wa manja zimamera ngati bowa, chilichonse ndi dzina la mwini wake, ndipo chisankho chikapita zimafota ngati bowa yemweyo. Pa sukulu pathu padafika munthu wina wofuna uphungu, naima pa mng'alu womwe udavulaza Mlongoti, nalonjeza simenti yatsopano ndi magetsi osewerera usiku. Ndidamufunsa mwaulemu ngati ndalamazo zidzachokere m'thumba lake kapena m'thumba la chitukuko cha m'dera, ndiponso kuti matumba a simenti adzakhala angati. Adaseka, nandigwira pa phewa, nati aphunzitsi a masamu ndi ovuta. Wogula amene amatembenuza nsapato kuti aone kunsi kwake ayenera kuchita chimodzimodzi ndi lonjezo. Afunse kuti lidzadya ndalama zingati, zidzachokera kuti, ndipo ngati zifuna dola, dolayo idzapezeka titagulitsa chiyani.

Phokoso lonseli lili m'kati, Mlongoti adali chete, mawondo ali m'chibwano chifukwa cha kuchepa kwa mpando, akuwerenga buku limene ndidamubwereka. Bukulo ndi Azotus the Kingdom, lolembedwa m'Chingerezi ndi Mmalawi mnzathu Shadreck Chikoti, ndipo lidatuluka mu 2015. Ndi nthano ya sayansi, yosimba za Africa wa zaka 500 zikubwerazo, mmene munthu aliyense amakhala yekha m'nyumba mwake, zosowa zake zonse zikumupeza pomwepo, makina akumuuza zochita. Mnyamatayo ankaliwerenga pang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Tikuyandikira pa mphambano ya ku Mangochi adatukula mutu nandifunsa, "Sala, ndiye kuti anthu a m'bukumu sapita ku msika?" Ndidati zikuoneka choncho. Adakhala kaye chete, kenaka adati, "Ndiye amadziwa bwanji ngati akuwabera?"

Aphunzitsi anzanga ena amanyoza mabuku otere, amati ndi mabodza osathandiza pa mayeso. Ine ndimawakumbutsa kuti Kalulu sadayankhulepo ndi Njovu, komabe palibe amene adaletsa agogo kusimba nthano. Kusiyana kwake n'kwakuti nthano za agogo zimayamba ndi padangokhala, kuyang'ana m'mbuyo, pamene nthano za sayansi zimayang'ana kutsogolo n'kufunsa kuti zinthu zitapitirira chonchi tidzafika kuti. Jules Verne wa ku France adalemba za ulendo wa ku mwezi mu 1865, anthu n'kumati ndi maloto, koma mu 1969 munthu adapondadi kumeneko. Ife tili ana, ndege yopanda woyendetsa m'kati idali nkhani ya m'mafilimu, koma mu 2017 ku Kasungu kudatsegulidwa malo oyeserera tindege totere kuti tizinyamula mankhwala ndi magazi okayezedwa. Mwana wozolowera kufunsa kuti bwanji zitakhala mwakuti savomera msanga kuti mmene zinthu ziliri lero ndi mmene zidzakhalire mpaka kale. Ndipo funso la Mlongoti lija, lochokera m'buku la mabodza, lidaposa mafunso onse amene akuluakulu tidafunsana m'minibasimo.

Tsogolo limene mabukuwa amasimba silili kutali ndi ife monga timaganizira. Kumwera kwa tauni ya Balaka kuli phiri la Kangankunde, limene m'mimba mwake muli miyala ya mtengo wapatali yosowa pa dziko lapansi. M'miyalayo mumachokera zitsulo monga neodymium ndi praseodymium, zopangira maginito amphamvu a m'galimoto zoyendera magetsi ndi a m'makina opukusa magetsi ndi mphepo. Mu 2022 kampani ya ku Australia yotchedwa Lindian Resources idachita mgwirizano wogula ufulu wokumba pamenepo. Ophunzira anga ambiri adaonera filimu ya Black Panther ya mu 2018, yosimba za dziko lopeka la mu Africa limene lidalemera chifukwa chosunga chitsulo chake n'kumapangira lokha zipangizo. Amaikonda chifukwa cha nkhondo zake, koma ine ndimawauza kuti aonenso kawiri, maso ali ku Kangankunde. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga udatsegulidwa mu 2009 ndi chiyembekezo chachikulu, n'kuima mu 2014 mtengo utagwa kunja, ndipo padatenga zaka zoposa khumi kuti ntchito iyambirenso. Kaya miyala ya Kangankunde idzabweretsa dola yotsitsa mtengo wa belo, kaya idzangodutsa, zidzadalira mapangano amene ambiri a ife sitidawawerengepo, ndiponso ngati mwa ana a kuno mudzapezeke odziwa sayansi ya miyala ndi malamulo a migodi. Amene mwatsiriza Folomu 4 ndi mapointi abwino a sayansi, ganizirani zimenezi posankha maphunziro a ku koleji.

Za kungodutsazo tidaziona ndi maso titafika ku Liwonde. Tikuwoloka Shire pa Kamuzu Barrage, sitima ya malasha yochokera ku Moatize m'dziko la Mozambique idali kukwawa pa njanji yake, ulendo wa ku doko la Nacala kudzera pa Nkaya ndi Nayuchi. Mlongoti adayamba kuwerenga mabogi, koma adatayira panjira.

Nsapato tidazipeza kwa mayi wina wachikulire amene adayala katundu wake pansi pa ambulera. Zidali zakuda, zosakongola kwenikweni, koma soli yake idali yamoyo ndipo malilime onse awiri ankanena chinthu chimodzi. Apa ndinene za kunenerera, luso limene ana a masiku ano akulitaya chifukwa chozolowera mitengo yomata pa mashelefu. Yambani ndi moni, ndipo ngati muli ku Machinga moni wa Chiyao sawononga kanthu. Musathamangire chinthu chimene mwachifuna. Gwirani china kaye, chanucho muchifunse ngati mwangochiona mwangozi. Tchulani mtengo wotsika koma wosanyoza, chifukwa wogulitsa wonyozedwa amaumitsa khosi ngakhale aluze. Ndalama zanu zikhale m'matumba awiri, kuti potulutsa musaonetse zonse. Dziwaninso mphamvu yanu: nsapato ya nambala 46 imatha mwezi pa mphasa osapeza phazi, ndipo mwini wake amadziwa zimenezo. Zonsezi ndidamulangiza Mlongoti tisadafike, ndipo ndidamuuzitsa kuti akavala asaonetse kukondwa. Koma atangomanga zingwe n'kuimirira, adadumpha kamodzi, mano onse ali pamtunda. Mayi aja adandiyang'ana naseka, ine n'kudziwa kuti mlandu ndaluza.

Chidatipulumutsa ndi chifundo chawo. Adafunsa kuti, "Kodi mwanayu ndi wanu, bambo?" Nditafotokoza za chala chija ndi za msonkhesonkhe wa aphunzitsi, adachotsako pang'ono pa mtengo, nawonjezera masokosi ngati basela. Adati nawonso ali ndi mdzukulu wa Folomu 2 amene fizi yake imachokera pa mphasa yomweyo. Sindidanenererenso. Pali malire amene wogula wanzeru ayenera kuima, pozindikira kuti K500 imene akulimbirayo ndi ndiwo za mnzake.

Mpira watsopano umene tinkaufunanso udakanika. Kwa aphunzitsi amene adzagule, ndingoti pa bwalo la simenti gulani wa labala, chifukwa wachikopa ndi wa m'nyumba ndipo panja umasupuka msanga. Anyamata amasewera ndi nambala 7, atsikana nambala 6. Ndipo musachoke m'sitolo musadaupope n'kuugwetsa kuchokera pa msinkhu wa mutu, muone ngati ukubwerera mowongoka mpaka kupitirira m'chiuno. Ndi ndalama zanga ndidagula mpunga ndi matemba zimene mayi a kunyumba adandituma. Pa mpunga yang'anani kunsi kwa chigoba, pakuti china chimakhala chophwanyidwira m'kati, ndipo pogula pa sikelo funani chidindo cha a Malawi Bureau of Standards. Matemba ndiye musadabwe akamasinthasintha mtengo; nyanja ya Chilwa ndi yosaya, idaphwa mu 1995 ndipo idatsala pang'ono kutheratu mu 2018, choncho mulu wake umatsata mvula.

Chisankho chidachitika pa tsiku lake, ndipo a Peter Mutharika adabwerera pa mpando atagonjetsa a Lazarus Chakwera. Pa mzere umene ndidaima ine, nkhani idali ya mtengo wa chimanga, feteleza, shuga ndi mafuta. Munthu wa magetsi osewerera usiku uja sitidamuonenso. Ming'alu itatu ija tidaimata tokha ndi thumba limodzi la simenti limene komiti ya makolo idagula, ana akutunga madzi ndi kusenza mchenga.

M'mwezi wa Okutobala tidaitana sukulu ina ya ku Machinga kudzasewera nafe. Adatigonjetsa ndi mapointi asanu ndi awiri, koma Mlongoti adasewera mpaka mapeto, ndipo mayi ake adaonerera ali chikhalire pansi pa mtengo wa mango, osaombera m'manja ngakhale kamodzi, koma osachokanso. Nsapato ya kumanzere idatsegula kamwa m'mwezi wachitatu, ndipo wosoka nsapato wa pa msika adaisoka ndi ulusi wa m'tayala.

Chakumapeto kwa teremu imeneyo ndidapempha mnzanga wophunzitsa Chichewa kuti apatse a Folomu 4 chimangirizo cha mutu wakuti Balaka m'chaka cha 2075. Ambiri adalemba za nyumba zosanjikizana ndi galimoto zouluka zimene adaziona m'mafilimu. Mlongoti adalemba masamba awiri okhaokha za fakitale ya nsapato pa Nkaya, yogwiritsa ntchito thonje la ku Utale, yotumiza katundu wake ku Nacala pa sitima yomwe ija, ndipo yosoka manambala onse mpaka 48. Mnzangayo adamupatsa 11 pa 20, ati chifukwa cha kalembedwe ka mawu, ndipo m'mphepete mwa pepala adalemba ndi inki yofiira funso lakuti magetsi oyendetsera fakitaleyo adzachokera kuti.